Pulasitiki yotchinga magetsi ingawonjezere bwanji mphamvu ya sola?

Funso

Ndine mmisiri woika magetsi a sola, wa ku Chitakale ku Mulanje. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akuphunzira ku MUST ku Thyolo, ndipo atabwera ku holide anandiuza za mapanelo atsopano otchedwa perovskite. Akuti chimene chikuwapatsa mphamvu ndi kapulasitiki koonda kamene amakaika mkati mwa selo. Ine ndinamutsutsa pamaso pa anthu. Waya timaukuta ndi pulasitiki kuti magetsi asatigwire, ndiye pulasitiki yomweyo ingawonjezere bwanji magetsi? Komanso, makasitomala anga ndiziwauza kuti adikire mapanelo amenewa?

Yankho

Bambo, pa mlandu wanu ndi mphwanuyo palibe wolipa mbuzi. Inu munanena zoona: pulasitiki yomwe mukuidziwa imatchinga magetsi, ndipo ikangochindikala pang'ono mkati mwa selo, ndiye kuti selo ija yatha ntchito. Naye mwanayo sananame. M'malabotale ambiri anthu akwezadi mphamvu ya maselo a perovskite ndi pulasitiki yomweyo. Nkhani yagona pa malo amene yaikidwa ndi kuonda kwake. Kuti zimenezi zimveke, ndikulowetseni kaye mkati mwa selo, muone pomwe magetsi amatayikira.

Dzina loti perovskite ndi lakale. Mu 1839 Gustav Rose, katswiri wa miyala wa ku Germany, anapima mwala wochokera ku mapiri a Ural ku Russia nautcha dzinali polemekeza Lev Perovski. Mwala umenewo sugwira ntchito pa sola. Chomwe asayansi anabwereka ndi dzina la mmene maatomu ake anasanjikizirana. Perovskite wa sola ndi mchere wopangidwa ndi anthu, ndipo muli zinthu zitatu: mtovu, womwewu wa m'mabatire a galimoto, ayodini, nthawi zina wosakaniza ndi bromine, ndi chachitatu chodzaza mipata, chomwe chimakhala methylammonium, formamidinium kapena caesium.

Kapangidwe kake ndi komwe kanakopa anthu. Silikoni wa mapanelo amene mumakweza padenga amasungunulidwa pa kutentha kopitirira madigiri 1,400. Perovskite ayi. Mcherewo mumausungunula m'mankhwala amadzi otchedwa DMF ndi DMSO, nukhala ngati inki yachikasu. Mumadontheza inkiyo pa kagalasi kongofanana ndi sitampa ya pakalata, kali pa makina okazunguliza maulendo 4,000 kapena 5,000 pa mphindi imodzi. Kali mkati mozungulira mumathirapo dontho la mankhwala ena, pa sekondi yake yeniyeni, ndipo maso anu akuona kagalasi kaja kamachoka pa chikasu n'kusanduka kofiirira. Mukakasanjika pa mbale yotentha madigiri 100, kamada bii, n'kumanyezimira moti mutha kudzionerapo nkhope. Muyalo wakudawo kuchindikala kwake ndi mananomita 500 basi. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu likuuposa koposa ka 100, ndipo selo ya silikoni ikuuposa pafupifupi ka 300. Koma kuonda konseko umameza kuwala kokwanira.

Oyamba kupanga selo yotere anali a gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan mu 2009, ndipo inkasandutsa magetsi 3.8 peresenti yokha ya mphamvu ya dzuwa, n'kuwonongeka pa mphindi zowerengeka chifukwa munali madzi omwe ankasungunula perovskite yemweyo. Mu 2012 gulu la Henry Snaith ku Oxford, komanso la Nam-Gyu Park ndi Michael Grätzel, linachotsa madziwo n'kuikapo zinthu zouma, ndipo anafika cha pa 10 peresenti. Lero maselo ang'onoang'ono a m'labotale apitirira 26 peresenti. Silikoni anayamba ndi 6 peresenti ku Bell Labs mu 1954 ndipo zinamutengera zaka zopitirira 60 kuti afike pa 26 peresenti. N'chifukwa chake ana asukulu ngati mphwanuyo nkhaniyi imawasowetsa tulo.

Tsono mkati mwa selo mumachitika izi. Dzuwa likaomba, limakankha elekitironi, kanthu kakang'ono zedi konyamula magetsi, n'kuichotsa pamalo pake. Pomwe yachokapo pamatsala mpata, ndipo mpata umenewu nawo umayenda, monga zimakhalira pa benchi ya kutchalitchi: wina akanyamuka kumapeto, anthu amasendera mmodzimmodzi, mpata n'kumaoneka ngati ukulowera mbali inayo. Kuti tipeze magetsi, elekitironi itulukire khomo lina, mpata utulukire khomo lina, zikakumane kunja zitadutsa kale mu babu kapena mu batire yanu. Choncho perovskite amapanikizidwa pakati pa miyalo iwiri. Wina umalandira maelekitironi okha, ndipo nthawi zambiri umakhala titanium dioxide, tin oxide kapena C60. Winawo umalandira mipata yokha. Kunja kwake mbali ina kuli galasi lopakidwa zodutsa magetsi, mbali ina kuli golide, siliva kapena kopa.

Mkati mwa perovskite weniweniyo ulendo umayenda bwino modabwitsa. Vuto lili m'malire. Inu a ku Mulanje mukudziwa kuti thiraki yochokera ku Limbe imathamanga bwinobwino kudutsa Luchenza, Chonde, Chitakale, koma tsiku limakaithera pa chipata cha Muloza. Selo ya perovskite nayonso nthawi yake ndi katundu wake zimathera pomwe wakumana ndi mnansi wake.

Chifukwa chake n'chakuti pamwamba ndi pamene kusanjikizana kwa maatomu kwadukira. Mkatimo atomu iliyonse ya mtovu yazunguliridwa ndi maatomu asanu ndi limodzi a ayodini. Pamwamba ena mwa maayodini aja palibe: ena anauluka pomwe mumawotcha pa mbale paja, ena sanakhalepo n'komwe. Mtovu wotsala ndi dzanja lopanda chogwira umasanduka msampha. Elekitironi ikamadutsa imakodwa pamenepo, mpata n'kuipeza, ziwirizo n'kukumana mkati momwemo zisanagwire ntchito, ndipo mphamvu yonse imangosanduka kutentha. Palinso china: muyalo wolandira maelekitironi ukakhudzana mwachindunji ndi perovskite, maelekitironi amene awoloka kale amatha kuonana ndi mipata yomwe yatsala tsidya lino n'kubwerera. Zonsezi zimaonekera pa mavoti, omwe inu mumayeza tsiku lililonse ndi mita yanu. Perovskite wamba atakhala wopanda chilema angapereke mavoti pafupifupi 1.3 pa selo imodzi, pomwe silikoni amapereka cha pa 0.7. Maselo oyambirira ankalekeza pa 0.9 kapena 1.0. Amasiku ano, omwe malire awo asamalidwa, amayandikira 1.2. Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa, koma pa 1.0 ndi 1.2 pali gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonse.

Apa ndi pomwe polima, lomwe ndi dzina la banja lonse la mapulasitiki, imalowera. Yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi PMMA, ndipo mwaigwirapo kambirimbiri: ndi pulasitiki yoonekera ngati galasi ija ya zikwangwani za mashopu ndi nyali za kumbuyo kwa galimoto, yomwe ena amaitchula Perspex. Mamolekyu ake ndi unyolo wautali, ndipo pa mfundo iliyonse ya unyolowo pali atomu ya okosijeni yokhala ndi maelekitironi awiri opanda ntchito. Mtovu wa dzanja lopanda chogwira uja ukakumana ndi okosijeni ameneyu amagwirana, msampha n'kutsekeka. Komanso polimayo imakhala pakati, moti perovskite ndi mnansi wake sakukhudzananso thupi ndi thupi paliponse. Ine ndimaiona ngati nkhoswe. Imakhala pakati pa mbali ziwiri zomwe zikasiyidwa zokha zimakangana, ndipo imaziziritsa mitima. Koma nkhoswe imene yasamukira m'nyumba mwa eni banja n'kumagona pakhomo la kuchipinda yapha banja lomwe inabwera kudzamanga.

Ndiye funso lanu lenileni: magetsi amadutsa bwanji? Pulasitiki ya pa waya wanu ndi yochindikala pafupifupi milimita imodzi, omwe ndi mananomita 1,000,000. Ya mu selo ndi nanomita imodzi, ziwiri, mwina zitatu. Pa timiyeso totere elekitironi sichita ngati kamwala koponyedwa pakhoma. Imachita ngati funde, ndipo khoma likaonda mokwanira imangopezeka yatulukira tsidya lina popanda kuliboola. Asayansi amati tunnelling. Mwayi wodutsa choncho umatsika mwamsanga zedi khoma likamachindikala: kuwonjezera nanomita imodzi sikuchepetsa magetsi pang'ono, kumawadula kangapo. Pamwamba pa zimenezi, muyalo woonda chonchi sukuta paliponse mofanana. Perovskite pamwamba pake ndi wa zitunda ndi zigwa. Polima imadzaza m'zigwa, momwe muli mipata ya pakati pa timiyala take ndi misampha yambiri, n'kusiya nsonga zitangokutidwa pang'ono kapena zili pamtunda, ndipo magetsi ambiri amadzera pamenepo.

Zimenezi ndinapsa nazo ndekha ndili wophunzira. Nditaona kuti PMMA yochepa yakweza mavoti, ndinati nanga ndikawonjezera? Ndinasakaniza yokhathamira kuposa kale, ndinapaka, m'mawa ndinakayeza. Mavoti anakweradi kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinali nditayamba kale kuuza anzanga. Koma makina atajambula mzere wonse, ndinangoti kakasi. Selo inali ndi mavoti okongola ikakhala yosalumikiza kanthu, koma ukangoipempha magetsi imagwada. Inu mukuidziwa panelo yotero: pa mita ikuonetsa bwinobwino, koma mukailumikiza ku batire siitchaja, chifukwa penapake pali joini yadzimbiri kapena waya woonda kwambiri. Muyeso wa khalidwe limeneli umatchedwa fill factor, ndipo ndi umene umayamba kugwa polima ikachuluka. Mlungu wathunthu unapita padera.

Amene analimbana kwambiri ndi vuto limeneli ndi a ku Australian National University ku Canberra. Mu 2017 Jun Peng ndi anzake anasakaniza PMMA ndi PCBM, yomwe imadutsa maelekitironi, kuti mu khoma mukhale timakomo. Mu 2021 anapita patali: pansi pa polima anadzalapo timizati ting'onoting'ono ta titanium dioxide, totalikirana mwadongosolo, kuti nsonga zake zibowoleze. Malo ambiri anakutidwa ndi polima, magetsi n'kumadzera pa timizatito. Selo yawo ya sikweya sentimita imodzi inafika 21.6 peresenti ndi fill factor ya 0.839, yomwe pa nthawiyo inali yapamwamba kwambiri pa selo ya kukula kotero. Chaka cha 2016 a ku EPFL ku Switzerland anali atapeza phindu lina la PMMA: ataisungunula mu dontho lija lothira kagalasi kakuzungulira, timiyala ta perovskite tinakula tokulirapo ndi tosalala, ndipo selo inapitirira 21 peresenti.

Mwina simunadziwe kuti nzeru imeneyi mwaikweza kale padenga. Mapanelo a silikoni olembedwa TOPCon, omwe achuluka pamsika zaka zino, kumbuyo kwa selo iliyonse kuli muyalo wa silicon oxide wa nanomita imodzi kapena ziwiri. Silicon oxide ndi mbale wake wa galasi, ndipo galasi silidutsa magetsi. Zilembo T ndi O m'dzinalo zikuimira tunnel ndi oxide. Ndiye ngati munamangapo panelo ya TOPCon, munagulitsa kale chinthu chomwe munamutsutsira mphwanu, kungoti m'malo mwa pulasitiki muli galasi.

Komanso si mapolima onse amene amatchinga magetsi. Mu 2000 Alan Heeger, Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira mapolima odutsa magetsi, ndipo zidzukulu za mapolima amenewo ndi zomwe zimagwira ntchito yolandira mipata m'maselo ambiri a perovskite. Yoyamba kutchuka inali PEDOT:PSS, yotchipa, yosungunuka m'madzi, yosavuta kupaka. Ine sindiikonda. Ndi ya asidi, moti imadya galasi lopakidwa lija pang'onopang'ono, imayamwa chinyontho ngati mchere wosiyidwa pambale nthawi yadzinja, ndipo mavoti ake amakhala otsika. PTAA ndi yabwino koposa: siyamwa madzi ndipo imagwirizana bwino ndi perovskite, koma ndi yodula. P3HT ndi yotchipa, ndipo kwa nthawi yaitali inkaoneka yofooka, mpaka mu 2019 pomwe a ku KRICT ku South Korea anayamba akonza kaye pamwamba pa perovskite asanaipake, n'kufika 22.7 peresenti osathiramo mchere wa lithium. Mfundo ya lithium ndi yofunika, chifukwa spiro-OMeTAD, yomwe maselo ambiri otchuka ankagwiritsa ntchito polandira mipata, imafuna mchere umenewu kuti igwire bwino, ndipo mcherewo umaitana chinyontho kulowa m'nyumba.

PTAA ili ndi khalidwe lina loseketsa. Popeza imakana madzi, imakananso inki ya perovskite. Mukadontheza, inki ija imangoundana n'kugubuduka ngati mame pa tsamba la koko, ndipo mukazunguliza imathawira m'mbali, pakati n'kutsala zigamba. Pa kagalasi kakang'ono mutha kunyengerera, koma pa panelo yaikulu chigamba chimodzi ndi shoti. Mankhwala ake ndi polima inanso, yotchedwa PFN-Br, yopakidwa moonda kwambiri pamwamba pa PTAA. Imagwira ntchito ngati sopo: msana wake umakakamira pa PTAA, manja ake amakoka inki, ndipo inki imayala bwinobwino. Palinso PEIE, yomwe a ku Georgia Tech ku America anaonetsa mu 2012 kuti ikapakidwa pa chitsulo kapena pa oxide imatsitsa chiunda chomwe elekitironi iyenera kulumpha potuluka.

Zonsezi ndi za mphamvu. Koma kwa munthu wa ku Mulanje nkhani yaikulu ndi moyo wa panelo, ndipo apa ndi pomwe perovskite ali ndi ngongole yaikulu. Mchere ndi mchere basi. Mukasiya kagalasi kakuda kaja patebulo m'chipinda cha chinyezi, pakapita masiku kamayamba mawanga achikasu m'mbali, kenako konse. Mukadonthezapo madzi, chikasu chimabwera nthawi yomweyo mukuona. Chikasucho ndi lead iodide, kutanthauza kuti perovskite waphwasuka wabwerera ku zomwe anapangidwa nazo. Tsono taganizirani chiperoni cha mu June ndi July, pomwe phiri limasowa masiku atatu, zovala osauma pachingwe, khoma la m'nyumba likuchita thukuta. Kenako ganizirani October, panelo ili pa malata masana, itatentha kufika madigiri 60 kapena kuposa, usiku n'kuzizira. Maayodini mkati mwa perovskite samakhazikika. Kutentha ndi mavoti zimawayendetsa, ndipo akafika pa siliva wa kumbuyo amamudya n'kupanga silver iodide.

Mapolima amathandizapo. Mu 2016 gulu la Jinsong Huang ku University of Nebraska-Lincoln linaika polystyrene, pulasitiki yomwe ikafufumitsidwa imakhala zoyera zopepuka zija zotetezera TV m'katoni, pakati pa perovskite ndi muyalo wolandira maelekitironi. Selo inapitirira 20 peresenti ndipo inapirira madzi kuposa inzake yopanda kanthu. Unyolo wautali wa polima suuluka kapena kusuntha msanga ngati timamolekyu ting'onoting'ono, ndiye umakhalitsa pomwe wauika ndipo umachedwetsa maayodini oyendayenda aja. Polima ndi yofewanso. Perovskite akatenthedwa amafutukuka kwambiri kuposa galasi lomwe wakhalapo, ndiye kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumamukoka mpaka ming'alu. Mu 2023 gulu la Antonio Abate ku Helmholtz-Zentrum Berlin linagwiritsa ntchito polima ya mtundu wa PVDF, yomwe imapezekanso mu pepala la kumbuyo kwa mapanelo ena ndi m'mabatire a lithium. Maselo awo anafika 24.6 peresenti ndipo anapirira kuwatenthetsa ndi kuwaziziritsa mobwerezabwereza pakati pa madigiri 80 ndi madigiri 60 kunsi kwa ziro.

Koma pano ndisiyane pang'ono ndi mphwanu. Mawu oti chinsinsi ndi kapulasitiki ndi okokomeza. Muyalo wa mananomita awiri si jasi lamvula. Umachedwetsa chinyontho kwa maola kapena masiku, osati kwa zaka 25 zomwe opanga mapanelo a silikoni amalonjeza. Chomwe chimatchinga mvula ndi chikuto chakunja: galasi kutsogolo, galasi kumbuyo, ndi phula la butyl m'mbali monse. Ngakhale pamenepa pali msampha. EVA, pulasitiki yomatira yomwe ili m'mapanelo ambiri a silikoni, ija mumaiona itasanduka yachikasu pa mapanelo okalamba, ikakumana ndi chinyontho ndi kutentha imatulutsa asidi wa mu viniga. Silikoni amapirira kwa zaka, perovskite sapirira, choncho opanga ake amasankha polyolefin. Chinanso, m'maselo amene akutsogola masiku ano PTAA yayamba kulandidwa malo ndi timamolekyu tomwe timadziyala tokha mzere umodzi pa galasi, monga 2PACz, tomwe tinachokera ku mgwirizano wa Helmholtz-Zentrum Berlin ndi Kaunas University of Technology ku Lithuania. Polima ndi chida chimodzi m'bokosi momwe muli zida zambiri. Pomwe ndikuona kuti idzakhalitsa ndi pa ntchito yolimbitsa ndi yomatira, chifukwa pa panelo yaikulu yopakidwa ndi makina othamanga, chinthu chokhululuka zolakwa zing'onozing'ono chimaposa chinthu changwiro chovuta kupaka.

Palinso vuto la kukula. Kuyala mananomita awiri mofanana pa kagalasi ka sitampa n'kotheka. Kuyala mananomita awiri omwewo pa galasi lotalika mamita awiri, osachindikala pena ndi kuperewera pena, ndi ntchito ina. Pomwe pachindikala magetsi amatsamwa, pomwe paperewera misampha imatseguka. Mankhwala osungunulira polima nawonso ayenera kukhala oti sasungunula perovskite wapansi pake, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito chlorobenzene kapena toluene, zomwe si zabwino kupuma m'fakitale. Manambala okoma omwe mphwanu amawerenga ambiri ndi a timaselo tosakwana chikhadabo cha chala chaching'ono.

Za mtovu ndisazilumphe, poti kwanuko ndi kwa tiyi. Mu sikweya mita imodzi ya perovskite muli mtovu wosakwana galamu imodzi, pomwe batire imodzi ya galimoto ili ndi makilogalamu angapo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mu perovskite amasungunuka m'madzi. Panelo ikasweka, monga zinasweka zambiri madenga atasasuka ndi namondwe Freddy mu March 2023, mvula ingathe kumukokolola kupita m'nthaka, ndipo nthaka ya asidi, yomwe tiyi amakonda, ndi momwe mtovu umayenda mosavuta n'kulowa m'mizu. Apanso mapolima apatsidwa ntchito. Mu 2020 ofufuza a ku NREL ndi Northern Illinois University ku America anaika miyalo yogwira mtovu kutsogolo ndi kumbuyo kwa selo, ya kumbuyo ili polima yosakaniza ndi mankhwala okola mtovu. Ataswa maselowo n'kuwaviika m'madzi, miyaloyo inagwira mtovu wopitirira 96 peresenti. Kwa ine, panelo ya perovskite yopanda chitetezo chotere siyenera kukwera padenga la nyumba yomwe anthu ake amatunga madzi a mvula a pa malata.

Tsono za makasitomala anu: asadikire. Mayi wa ku Limbuli amene akufuna kuunika m'nyumba ndi kutchaja foni chaka chino agule silikoni, ndipo ndalama yotsala aiike pa batire yabwino ndi waya wokwanira, poti inu mukudziwa kuti n'zomwe zimayamba kufa. Minda ikuluikulu ya sola ya m'dziko muno, monga wa mamegawati 60 ku Salima ndi wa mamegawati 20 ku Golomoti, yonse ndi ya silikoni. Perovskite wayamba kumene kutuluka m'fakitale. Oxford PV, yomwe fakitale yake ili ku Brandenburg an der Havel ku Germany, inatumiza mapanelo ake oyamba ogulitsa mu 2024, a 24.5 peresenti, ndipo makampani angapo a ku China akumanga mafakitale awo. Onani kuti mapanelo a Oxford PV si perovskite yekha. Ndi perovskite wosanjikidwa pamwamba pa silikoni: wapamwamba amadya kuwala kwa buluu ndi kobiriwira, wapansi amadya kofiira komwe kwadutsa. Selo ya muyalo umodzi, kaya ya silikoni kaya ya perovskite, singapitirire pafupifupi 33 peresenti ngakhale itakhala yangwiro, koma yosanjikiza imatha. Kampani ya ku China ya LONGi inafika 33.9 peresenti mu 2023 ndi 34.6 mu 2024 pa timaselo ta m'labotale. Ndikuganiza kuti perovskite adzafika kwanuko kudzera njira imeneyi, atabisala mu panelo yooneka ngati yomwe mumamanga kale, ya mawaya awiri omwewo, kungoti mavoti a selo iliyonse adzakhala okwera, ndiye mudzayenera kuwerenga bwino chikwangwani cha kumbuyo musanasankhe kontirola.

Wina akakubweretserani panelo lero n'kunena kuti ndi perovskite, mufunseni satifiketi ya IEC 61215. Mwa mayeso ake muli oika panelo m'chipinda cha madigiri 85 ndi chinyezi cha 85 peresenti kwa maola 1,000, ndi ena oitenthetsa ndi kuiziziritsa maulendo 200 pakati pa madigiri 85 ndi 40 kunsi kwa ziro. Mufunsenso zaka za chitsimikizo, ndi amene adzaitenge ikasweka.

Mphwanuyo mumuuze kuti akamawerenga za selo yatsopano yomwe yaphwanya mbiri, asamathamangire pa peresenti. Aziyamba waona kukula kwa selo, maola omwe inayesedwa, kutentha komwe inayesedwera, ndiponso ngati inali pa mpweya wamba kapena m'bokosi la nayitirojeni. Ndipo ngati akufuna ntchito yomaliza maphunziro yomwe ingamveke kunja, safunika makina odula opangira maselo. Mayeso ambiri a panja a perovskite achitikira ku Ulaya, ku America ndi ku China. Atapempha timapanelo tochepa kwa ofufuza omwe amatipanga, ena okhala ndi polima m'malire ena opanda, n'kutiika padenga ku MUST ku Ndata ndi pa shopu yanu ku Chitakale, iye azilemba manambala, inu muzikwera ndi mita yanu Loweruka lililonse kuyambira chiperoni mpaka mvula yoyamba.